Ayi, a Tolowa sanathe

Pali mphekesera yoti anthu a mtundu wa Tolowa, kumpoto kwa California ku America, anatha kalekale. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza.

N'zoona kuti anaphedwa ambiri. Mu 1853 azungu obwera anawathira nkhondo pamudzi wa Yontocket ali pamwambo wa mapemphero, n'kuwatenthera nyumba. M'zaka za m'ma 1960 boma la America linafufuta dera lawo la Smith River m'kaundula wa mafuko, ndipo ndikuganiza kuti bodzali linamera mizu pamenepo. Koma khoti linawabwezera m'kaundulamo mu 1983.

Lero a Tolowa, amene fuko lawo limatchedwa Tolowa Dee-ni' Nation, amasankha khonsolo yawoyawo, amavinabe gule wa Nee-dash, ndipo nyengo yotentha mabanja amayanika tinsomba ta m'nyanja pamchenga monga ankachitira makolo awo.