Kadontho kachikasu ka m'tochi yanu

Mukadutsa madzulo pa Chinkhoma kapena pa Santhe, mupeza mabenchi a malonda akuwala ndi timatochi ndi mababu a sola. Koloboyi uja, ndi utsi wake wodetsa m'mphuno, akusowa pang'onopang'ono. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale kuno ku Kasungu, ndipo chaka chilichonse ndimauza ophunzira kuti abwere ndi tochi yakufa. Tikaimasula timapeza kadontho kachikasu, kakang'ono ngati njere ya mapira. Kunsi kwa chikasucho kwabisala kamwala kotchedwa gallium nitride, mwachidule GaN, ndipo kuwala konse kumachokera m'menemo.

Kamwalaka sikakumbidwa, kamachita kupangidwa pophatikiza zinthu ziwiri. Nayitrojeni alimi mumamudziwa, ndi amene mumagula m'thumba la Urea, komanso ndiye wochuluka mumpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100. Gallium ndi chitsulo chofewa chimene chinatulukiridwa ku France mu 1875. Chimasungunuka pa madigiri 30 okha, moti dzuwa la mu Okutobala kuno likhoza kuchisandutsa chamadzimadzi. Masiku ano chimapezeka kwambiri poyenga bauxite, mwala womwe uliponso paphiri la Mulanje. Chimodzi ndi mpweya, chinacho ndi chitsulo chosungunukira m'manja, koma zikagwirana zimabala chinthu cholimba, chosasungunuka m'madzi, chopirira kutentha kwa madigiri mazanamazana.

Kulimbaku kumachokera m'kasanjidwe ka maatomu. Ganizirani mphika uli pamafuwa atatu, pamwamba pali chivundikiro. Mphikawo ndi atomu ya gallium, mafuwa atatu ndi chivundikiro ndi maatomu anayi a nayitrojeni. Nayitrojeni aliyense nayenso wagwirana ndi maatomu anayi a gallium. Palibe amene ali payekha. Mukamayang'ana kuchokera pamwamba, maatomuwa amapanga timabowo ta ngodya zisanu ndi chimodzi ngati chisa cha njuchi, ndipo mizere yake imasanjikizana mosinthana: woyamba, wachiwiri, woyambanso, wachiwirinso, mpaka mamiliyoni. Asayansi kasanjidwe kameneka amakatcha wurtzite. Chinthu chimene maatomu ake ali m'dongosolo lobwerezabwereza chotere amati crystal. Mchere wa m'khitchini ndi crystal nawonso, kungoti wake amasanjana ngati timabokosi.

Nanga kuwala kumabwera bwanji? GaN sali ngati kopa amene magetsi amangodutsamo, salinso ngati pulasitiki amene amawatsekereza. Ali pakati, n'chifukwa chake amatchedwa semiconductor. Ma electron, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi m'kati mwake, ali ndi malo apansi ndi malo apamwamba, pakati pali mpata umene sangaimemo. Batire imawakweza pamwamba, ndipo akamagwera pansi amatulutsa mphamvu ija ngati kuwala. Mpata ukakula, kuwala kumakhala kwamphamvu yochuluka. Wa silicon, amene ali m'mapanelo a sola, ndi 1.1 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya electron). Wa GaN ndi 3.4 eV, woposa katatu. Chinanso, mu silicon electron ikagwa mphamvu yambiri imangosanduka kutentha, pomwe mu GaN imagwa molunjika n'kutulutsa kuwala.

GaN payekha amatulutsa kuwala kumene diso siliona. Akathiramo pang'ono chitsulo china chotchedwa indium, mpata umachepa ndipo kuwala kumakhala kwabuluu. Apa m'pamene chikasu chija chimagwira ntchito: ndi ufa wotchedwa phosphor, umene umamwa gawo la buluu n'kulibweza ngati chikasu. Buluu ndi chikasu zikasakanikirana, diso limaona zoyera.

Kupanga kamwalaka kunasautsa anthu zaka zambiri, ndipo mbali imeneyi ndi imene imandigwira mtima. GaN amamumeretsa pagalasi la mwala wa sapphire, m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,000, pogwiritsa ntchito mpweya wa ammonia. Vuto n'lakuti mipata ya maatomu a sapphire ndi a GaN siyofanana. Amisiri omanga mukudziwa zimene zimachitika mukaika njerwa za chikombole china pamzere wa njerwa za chikombole chinanso: khoma limang'aluka. Ofufuza ambiri anagwa ulesi n'kusiya. Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano a ku yunivesite ya Nagoya ku Japan sanasiye. Mu 1986 anayamba ndi kuyala kaye kamzere kopyapyala ka aluminium nitride, ngati matope osalazira maziko, ndipo GaN anamera wosalala. Mu 1989 anakwanitsa kupanga mbali yolandira ma electron pothiramo magnesium. Shuji Nakamura, akugwira ntchito kukampani ya Nichia, anatulutsa LED (kababu kowala ndi kamwala kotere) yabuluu yowala kwambiri mu 1993. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Mpaka lero timing'alu tosaoneka timatsalamo tambirimbiri, koma GaN amawalabe, chinthu chimene ma semiconductor ena ambiri sangachite.

Mpata wa ma electron uja ndi umenenso umachititsa kuti LED yoyera ifune ma volt pafupifupi atatu. Batire imodzi ya 1.5 siingaiyatse payokha, pokhapokha m'tochimo muli kachipangizo kokweza mphamvu. Koma mukailumikiza mwachindunji kubatire ya sola ya ma volt 12 popanda resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi, imapsa nthawi yomweyo, ndipo ndaona anyamata ambiri akuononga mababu motero pofuna kuwalitsa m'nyumba.

Matochi ambiri amene ophunzira amabweretsa, kamwala kake kamakhala kadakali kamoyo. Chimene chafa ndi switch, kawaya koduka, kapena dzimbiri la batire yotayikira. Musanataye yanu, palani dzimbiriro, gundizani mabatire awiri atsopano a 1.5 kumiyendo ya babu, ndipo ikakana, tembenuzani mawayawo muyesenso, chifukwa LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha.