Atticus Finch sanapulumutse Tom Robinson

Anthu ambiri akamakamba za buku la To Kill a Mockingbird, limene Harper Lee anatulutsa mu 1960, amati ndi nkhani ya loya wolungama amene anagonjetsa tsankho m'khoti. Ayi ndithu. Loyayo, Atticus Finch, anagonja pa mlanduwo.

Nkhaniyi imachitikira ku Maycomb, tauni yongopeka ya ku Alabama, m'zaka za m'ma 1930. Tom Robinson, munthu wakuda, anamunamizira kuti wagwirira Mayella Ewell, mtsikana wachizungu. Atticus, amene ankaimira Tom pa mlanduwo, anaonetsa poyera kuti Mayella anavulala kwambiri mbali ya kumanja ya nkhope, kutanthauza kuti anamumenya ndi munthu wamanzere, pomwe mkono wamanzere wa Tom unapuwala ali mwana utakodwa m'makina a thonje. Wamanzere anali bambo wake wa Mayella. Komabe azungu okhaokha amene ankagamula mlanduwo anati Tom ndi wolakwa, ndipo pambuyo pake alonda a ndende anamuwombera ndi zipolopolo 17.

Ine mtima umandiwawa ndi Jem, mwana wa Atticus. Anakhala m'khotimo akukhulupirira kuti umboni woterewu sungakanidwe, koma anatuluka misozi ili chuchuchu, akubwerezabwereza kuti zimenezi si chilungamo.