Kuphika mosaboola m'thumba nyengo yotentha ku Joni: samalani ndi mphika wa dzulo

Kuno ku Johannesburg kumatentha kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo masana ena kumafika madigiri 30 mvula ya ziphaliwali isanagwe. Ambiri a ife timakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Yeoville, Rosettenville, Mayfair kapena ku Diepsloot, poto ndi bedi zili pamodzi pansi pa malata. Poopa kutha mayunitsi a magetsi, timaphika poto wamkulu wa nyemba kapena mpunga woti tidye masiku awiri. Mu Juni kukamazizira zimatheka. Mu Disembala poto yemweyo ndi amene amatsegulitsa ana m'mimba, ndipo ndalama yomwe tinapulumutsa imathera pa thiransipoti ya kuchipatala ndi tsiku la ganyu lomwe tajomba.

Tizilombo ta m'zakudya timaswana msanga chakudya chikakhala chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Mpunga ndi umene umapusitsa anthu kwambiri. Muli kachilombo kena, Bacillus cereus, kamene sikafa mpunga ukamaphikidwa. Mukausiya pa sitovu usiku wonse, kamaswana n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo satha ngakhale mutenthetse bwanji m'mawa. Mpungawo sununkha, suoneka wosasa, koma pakangopita maola ochepa mwana wayamba kusanza. Nyemba, nyama ya msuzi ndi ndiwo zotendera nazonso sizichedwa kusasa, makamaka zikazizira pang'onopang'ono m'poto wamkulu wovindikira.

Ngati muli ndi filiji, gawani zotsalazo m'makontena ang'onoang'ono osazama kuti zizizire msanga, muike m'filiji maola awiri asanakwane. Podya, tenthetsani zokwanira kudya nthawi imeneyo, mpaka ziwire ndi kutuluka nthunzi pakati pomwe. Ngati filiji mulibe, phikani zotha lero basi. Mkute tinakula nawo ndipo kutaya nsima kumatiwawa tonse, koma nthawi ino ya chaka ndi bwino kuchepetsa ufa m'poto kusiyana ndi kupatsa mwana wamng'ono nsima yogona.

Magetsi akathima, musamatsegule filiji pafupipafupi. Yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Nkhuku yomwe yasungunuka n'kufunda musaibwezere mu ayisi.

Zogula zomwe sizifuna filiji

Mwayi wathu ndi wakuti zakudya zotsika mtengo zambiri ndi zomwe siziopa kutentha. Boma la South Africa silidula msonkho wa VAT pa ufa wa chimanga, mpunga, nyemba zouma, buledi wa bulauni, mazira, mkaka, mafuta ophikira, nsomba za m'chitini za pilchards, masamba, zipatso ndi ufa wa tirigu wophikira makeke. Zoumazi gulani zambiri kumapeto kwa mwezi, mugawane thumba ndi anzanu ngati lakukulirani. Usipa, bonya ndi mfutso zomwe zimabwera pa basi kuchokera kumudzi zimakhalitsa ngati zili pouma, pomwe mphemvu sizifika. Chitini cha nsomba mukatsegula, chithe tsiku lomwelo. Tomato, kabichi ndi sipinachi gulani pang'onopang'ono, kapena musonkherane mabanja angapo kukapikula ku Joburg Market ku City Deep n'kugawana tsiku lomwelo.

Poloni ndi yotchipa ndipo ana amaikonda m'buledi, koma kumbukirani za 2017 ndi 2018, pomwe matenda a listeriosis anagwira anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200 m'dziko lino. Gwero lake linapezeka mu poloni ya fakitale ina ku Polokwane. Kachilombo koyambitsa matendawa kamaswana ngakhale m'filiji, ndipo kamavulaza kwambiri amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika. Kwa amenewa dzira lowiritsa bwino ndi lotetezeka kuposa poloni yosaphika.

Pa zophika za ufa, chigumu, masikono ndi mandasi zimatchipa kuposa mabisiketi a m'shopu, ndipo mumadziwa zomwe mwaikamo. Chigumu cha nthochi chimachita nkhungu msanga kukatentha, choncho phikani chochepa, chizizire bwino musanachitsekere m'kontena. Keke ya kirimu ya pa Khirisimasi ikhale m'filiji mpaka nthawi yodula. Ana asanyambite ufa wokanda womwe muli dzira laliwisi.

Madzi

Mipopi ikauma timatunga pa matanki a galimoto n'kusunga m'zigubu masiku angapo. Mu 2023 kolera inapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, m'chigawo chomwe chino cha Gauteng. Madzi amene mukuwakayikira awiritseni mpaka abwate, kapena thirani sipuni yaing'ono imodzi ya Jik wopanda fungo lonunkhira m'malita 25, mudikire maola awiri. Chigubu chikhale chotseka, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire chakudya komanso mukasintha mwana thewera. Mpeni ndi thabwa zomwe mwadulira nkhuku zitsukidwe musanadulire tomato wa saladi.

Mankhwala a makoswe

Apa ndiye tikupempha ndi mtima wonse. Kukatentha makoswe ndi mphemvu zimachuluka, ndipo pamsewu amagulitsa timapaketi ta timibulu takuda topanda dzina, tofanana ndi tameki yemwe tikumudziwa kwathu. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi ku Soweto, ndipo zoyeza zinapeza poizoni wa terbufos, mankhwala a m'munda omwe anthu amagulitsana ngati ophera makoswe. M'chipinda chimodzi momwe ufa uli pansi ndipo mwana akukwawa, mankhwalawa asalowemo. Tcherani msampha, sungani ufa m'ndowa yotseka. Mwana akayamba kutuluka dovu kapena thovu, thukuta lambiri, kusanza ndi kubanika, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Itanani ambulansi pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja, nthawi yomweyo.

Mwana akatsegula m'mimba

Choopsa ndi kutha madzi m'thupi. Ngati mulibe paketi ya Thanzi ORS, sungunulani masipuni aang'ono asanu ndi atatu a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, monga momwe buku la sikelo la kuno, Road to Health, limanenera. Mumwetseni pang'onopang'ono, pafupipafupi, ndipo musaleke kuyamwitsa kapena kumpatsa phala. Thamangirani kuchipatala ngati maso alowa, liwombo lalowa, sakukodza, akusanza chilichonse, wafooka, kapena m'chimbudzi chake muli magazi. Musazengereze chifukwa choopa za mapepala: mu 2023 khoti lalikulu la Gauteng linagamula kuti ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko lomwe achokera. Popita tengani buku la sikelo la mwanayo ndi botolo la madzi a shuga ndi mchere aja kuti azimwa m'njira.