Thukuta silitsuka ziphuphu

"Adokotala, ziphuphuzi ndi zoipa za m'magazi, ndiye ndikumadzifukiza kuti zituluke ndi thukuta." Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse kuno ku Lilongwe, ndipo andikwana, chifukwa akuwonongetsa nkhope za ana athu.

Thukuta ndi madzi, pafupifupi magawo 99 pa 100, otsalawo ndi mchere ndi tina tochepa. Ntchito yake ndi kuziziritsa thupi. Zoipa za m'thupi zimasefedwa ndi chiwindi ndi impso, n'kutuluka mu mkodzo ndi chimbudzi. N'chifukwa chake munthu amene impso zake zasiya kugwira ntchito amakaikidwa pa makina osefa magazi a dialysis kuchipatala cha Kamuzu Central, safunditsidwa bulangete.

Komanso thukuta ndi chiphuphu sizidzera khomo limodzi. Chiphuphu chimayambira m'kabowo komera ubweya, momwe mumatulukira mafuta a pakhungu. Munthu akatha msinkhu mahomoni amachulukitsa mafutawo, amasakanikirana ndi khungu lakufa, kabowo n'kutsekeka. Tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, tomwe aliyense ali nato, timaswana mmenemo, pamalopo n'kutupa. Thukuta la pankhope limatulukira m'timabowo take tina. Mungakhetse chidebe chathunthu, chotsekacho sichisuntha. M'malo mwake, mu Okutobala thukuta likakhalitsa pansi pa duku, wigi kapena chisoti cha kabaza, khungu limanyerenyetsa ndipo ziphuphu zimakula.

Pali mtsikana wina sindimuiwala. Ziphuphu zinamuyamba ali Fomu 3, zazing'ono ndithu, zoti zikanamvera mankhwala opaka okha. Azakhali ake anati magazi ndi akuda. Madzulo aliwonse ankamuweramitsa pa mphika wa masamba a bulugamu atamufunditsa, m'mawa n'kumwa mankhwala otsegula m'mimba oti "otsuka m'thupi". Zitakanika anagula kachubu ka mankhwala opaka pamsika. Masabata oyamba nkhope inasalala, anzake n'kumamuyamikira, osadziwa kuti munali clobetasol, mankhwala amphamvu kwambiri ochepetsa kutupa a m'gulu la steroid. Pamene ankafika kwa ine, khungu la m'masaya linali litapyapyala moti timitsempha tinkaoneka, tiziphuphu tofanana tili mbwee mpaka m'khosi, ndipo pachibwano panali zipsera zotukuka. Nthawi yonse amayankhula atagwira mpango pakamwa. Ziphuphuzo tinazigonjetsa. Zipserazo sitinathe.

Khungu lakudali silichedwa kusunga mabanga. Chiphuphu chilichonse chimene mwafinya, kukhula ndi mwala, kapena kupaka Colgate ndi mandimu, chimasiya banga loti litha miyezi yambiri.

Sambani kumaso kawiri patsiku ndi sopo wosalusa, ndiponso mukakhetsa thukuta. Mafuta olemera a kumutu asamafike pachipumi. Mankhwala monga benzoyl peroxide, adapalene kapena doxycycline amathandiza, koma amafuna masabata 6 mpaka 12, ndiye osasiya pakatha masiku 5 ati sakugwira. Ngati muli oyembekezera nenani musanalandire mankhwala, chifukwa ena mwa amenewa ndi oopsa kwa mwana.

Wina aliyense wokugulitsani tiyi, sopo kapena kabotolo kopanda dzina pa WhatsApp ati kochotsa poizoni, musamupatse ndalama. Ndipo ziphuphu zikayamba kupweteka, kuchita mafinya mkati, kapena kwa amayi zikabwera limodzi ndi ndevu ndi kusokonekera kwa msambo, musadikire mwezi wamawa, pitani kuchipatala mukaonane ndi a zakhungu.