Musanagwire piki pamsewu wa m'tauni: mafunso ndi mayankho okhudza chilolezo chokumba

Mvula ikayamba mu Novembala, msewu umaulula aliyense amene anaukumba m'chilimwe. Pamene panadutsa paipi pamatitimira, madzi amadikha, phula limang'ambika, ndipo pofika Febuluwale minibasi zayamba kudutsa m'mphepete. Ambiri okumbawo sakhala ndi cholinga choipa, amangofuna madzi kapena kalavati ya pageti. Awa ndi mafunso amene eni nyumba, apulambala ndi makontrakitala amafunsa kawirikawiri.

Kodi malo a kutsogolo kwa geti langa si anga?

Ayi. Puloti yanu imathera pa mabikoni. Kuchokera pamenepo ndi malo a msewu, ndipo msewu si phula lokha: ngalande ya madzi a mvula, njira ya oyenda pansi, ndiponso mpata umene mumadutsa mapaipi ndi mapolo a magetsi, zonsezi ndi za msewu. Pa msewu waukulu ngati M1 malowa ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa msewu. Misewu ya m'malokeshoni ili ndi malo ocheperapo, koma lamulo lake ndi lomwelo. Ngakhale mwakhala mukusesapo ndi kudzalapo kapinga zaka zambiri, malowo sasanduka anu.

Nanga chilolezo amapereka ndani?

Zimatengera mwini wa msewuwo. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Misewu ya mkati mwa mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba imayang'aniridwa ndi makhonsolo a mizindayo, ndipo lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 limawapatsa mphamvu zopanga malamulo a m'dera lawo. Apa ndi pamene ena amasokonezeka, chifukwa M1, womwe ndi msewu waukulu, umadutsa mkati mwa mizinda ya Lilongwe ndi Mzuzu. Ngati simukudziwa, yambirani ku dipatimenti ya zomangamanga ya khonsolo, akakuuzani kumene muyenera kupita.

Khansala kapena mfumu ya m'dera ndi bwino kuwadziwitsa, chifukwa anthu akadandaula amathamangira kwa iwo. Koma mawu awo si chilolezo.

Ndikungofuna kukokera madzi kunyumba. Kodi zonsezi zikundikhudza?

Kukumba mkati mwa puloti yanu ndi nkhani ina. Vuto limabwera pamene paipi yaikulu ili kutsidya kwa msewu. Ntchito yolumikiza pa paipi yaikulu ndi ya bungwe la madzi, kaya Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena mabungwe atatu a m'zigawo, osati ya pulambala wanu. Tsiku limene abwera kudzayeza, afunseni mosabisa: adzadutsitsa paipiyo pamsewu ndani, chilolezo akatenga ndani, ndipo akakonza msewu ndani? Yankho lake lilembedwe. Mafunso atatuwa akasiyidwa m'malere, ngalande imakhala yoyasama sabata zingapo aliyense akuloza mnzake chala.

Popita kukhonsolo nditenge chiyani?

Kalata yofotokoza chimene mukufuna kuchita, chithunzi cha malowo chosonyeza utali, m'lifupi ndi kuya kwa ngalande, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi dzina la amene adzagwire ntchitoyo. Fotokozaninso mmene galimoto ndi anthu azidutsira ntchito ili mkati. Ndalama zolipira zimasiyana khonsolo ndi khonsolo, ndiponso kudula phula sikufanana ndi kukumba msewu wafumbi. Funsani ngati pali ndalama ya chikole yobwezedwa msewu ukakonzedwa bwino. Lipirani pa kauntala, mutenge lisiti, ndipo kope ya chilolezo izikhala pamalo a ntchito.

Bwanji amandiuza kuti ndikafunsenso ku ESCOM ndi kumakampani a mafoni?

Chifukwa pansi pa msewu wa m'tauni pali zambiri zimene maso saona. Pali mapaipi a madzi akumwa, mapaipi a zimbudzi, nthambo za intaneti, ndipo m'madera ena muli mawaya a magetsi okwiriridwa. Piki ikagunda waya wa magetsi, wokumbayo akhoza kufera pomwepo. Ikadula nthambo ya intaneti, mabanki ndi maofesi a kutali amaima ntchito, ndipo bilu yokonzera ikhoza kubwera kwa inu.

Choopsa kwambiri ndi chimene sichioneka tsiku lomwelo. Paipi ya madzi ikang'aluka pafupi ndi ya chimbudzi, nthawi imene madzi asiya kutuluka m'mipopi uve umatha kulowa m'paipi ya madzi akumwa. Anthu a ku Area 18 mu Lilongwe amakumbukira za mu 2017, pamene madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji anatuluka m'mipopi ya m'nyumba zawo. M'dziko limene kolera amativutitsa, mng'alu wa paipi si chinthu chokwirira mwakachetechete n'kumapita.

Ngakhale akuonetseni mapu, yambani ndi timaenje toyesera tokumba ndi manja. Mapaipi akale si onse amene ali pamene mapu akunena.

Ndikamaliza, si kungobwezera dothi basi?

Apa ndi pamene misewu yathu yambiri imafera, ndipo ndikanakonda oyang'anira a khonsolo akanamathera nthawi yawo yochuluka pa gawo limeneli kuposa pa mapepala. Msewu unamangidwa m'magawo: dothi lotsenderedwa pansi, gelevulo kapena miyala ya kwale pamwamba pake, kenako phula. Wokumba akasakaniza zonsezi mulu umodzi n'kuzikankhira m'ngalande nthawi imodzi, pamwamba pamaoneka bwino koma mkati muli mphako. Mvula yoyamba imalowa, dothi limakhazikika, lole ikapondapo phula limathyoka. Dzenje la mita imodzi limakula mpaka kudya theka la msewu.

Kukwirira koyenera kumayamba ndi mchenga kapena dothi losalala lopanda miyala kuzungulira paipi. Pamwamba pake, ngati ndi waya, pamayalidwa tepi yochenjeza amene adzakumbe mtsogolo. Kenako dothi limathiridwa pang'onopang'ono, masentimita 15 kapena 20, kuliwaza madzi pang'ono ndi kulitsendera ndi makina, gawo lina likatha lina. Kupondaponda ndi mapazi kapena kuyendetsapo galimoto kawiri si kutsendera. Phula lidulidwe ndi makina ocheka kuti m'mphepete mukhale mowongoka, chigamba chigwirane bwino ndi phula lakale. Ndipo pamene panali phula pabwerere phula, osati dothi kapena zidutswa za njerwa.

Ngati n'kotheka kuboola pansi pa msewu n'kudutsitsa paipi osadula phula, sankhani njira imeneyo. Imaoneka yodula poyamba, koma simudzaitanidwanso kudzakonza chigamba chotitimira.

Nanga za chitetezo?

Ngalande itchingidwe ndi tepi kapena zotchinga zooneka patali, ndipo usiku pakhale zonyezimira. Nthambi ya mtengo yoponyedwa pamsewu siyokwanira kwa wakabaza amene akuthamanga mumdima magetsi atazima. Ikani matabwa olimba owolokerapo ana a sukulu, okalamba ndi oyenda pa njinga ya olumala. Ngalande ikapitirira chiuno cha munthu wamkulu, makoma ake achirikizidwe, makamaka dothi likanyowa, ndipo dothi lofukulidwa lisaunjikidwe pamlomo penipeni. Musatsegule ngalande yaitali kuposa imene mungakwirire tsiku lomwelo.

Paipi ikaphulika usiku, a madzi adikire chilolezo?

Zangozi sizidikira. Koma kufulumira kukumba sikuchotsa udindo wodziwitsa mwini msewu ndi wobwezeretsa msewuwo mmene unalili.

Kalavati ya pageti nayonso ikufuna chilolezo?

Inde, chifukwa mukugwira ngalande ya madzi a mvula. Ambiri amaika paipi yaing'ono kapena kungothira dothi kuti galimoto izilowa. Madzi akasowa njira amakwera pamsewu kapena kulowa m'nyumba ya mnansi wakumunsi. Kukula kwa kalavati anene ndi injiniya wa khonsolo. Chimodzimodzi kukumba mchenga kapena dothi loumbira njerwa m'mphepete mwa msewu: kumagumula tsinde limene msewu watsamirapo.

Ndikakumba popanda chilolezo chingandichitikire n'chiyani?

Mwini msewu akhoza kuimitsa ntchito, kukulamulani kuti mukwirire, kukonza yekha n'kukulipiritsani, kapena kukutengerani kukhoti. Munthu akagweramo n'kuvulala, akhozanso kukusumirani kuti mumulipire chipukuta misozi.

Ena akumba kwathu n'kusiya dzenje. Ndikanene kuti?

Funsani kaye ogwira ntchitowo kuti atumidwa ndi ndani, ndipo pemphani kuona chilolezo. Jambulani malowo ndi foni, mulembe tsiku, dzina la msewu ndi chizindikiro chodziwika chapafupi. Kaperekeni dandaulo lolembedwa ku dipatimenti ya zomangamanga ya khonsolo, kope ina kwa khansala wanu. Ngati madzi akutayika kapena waya waonekera, imbirani bungwe la madzi kapena ESCOM nthawi yomweyo, ndipo ana asayandikirepo mpaka eni ake atafika.