Mmene sayansi inasandukira manotsi a pabolodi kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje

Zotsatira za MSCE zikangotuluka mkangano wake umakhala womwe uja wa chaka chatha, makolo akuti aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi, aphunzitsi akuti ana mitu ili pa foni, ana eni akewo nkumangoti Physics ndi Chemistry nza anthu anzeru basi, ife sitingathe. Koma tafunsani mwana wa fomu 4 wa pa CDSS ya kumudzi kuti burette, kachubu kagalasi koyezera makemiko amadzimadzi mu labu, anaigwirapo kangati asanalowe mayeso a pulakitikolo, ambiri akuuzani kuti anangoiona pa chithunzi, ena anaigwira sabata yomweyo ya mayeso manja akunjenjemera. Ine ndimati vuto lagona pa kaphunzitsidwe, ndipo kaphunzitsidwe aka kali ndi komwe kanachokera, sikanagwe kumwamba ayi.

Chodabwitsa nchoti sukulu zoyamba mchigawo chathu chino zinayamba ndi manja, osati ndi kope. A mishoni ya Church of Scotland atakhazikika ku Blantyre mu 1876 ankaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba inde, koma pambali pake panali ukalipentala, kuumba njerwa, ulimi ndi kusindikiza mabuku. Tchalitchi chija cha St Michael and All Angels chomwe timachigomera mpaka lero chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, David Clement Scott amene ankatsogolera sanali katswiri wa zomangamanga, ndipo anthu akuda amene anaumba njerwa ndi kuzisanja anaphunzira ntchitoyo akuigwira pomwepo. Mu 1909 anatsegula Henry Henderson Institute yophunzitsa aphunzitsi ndi amisiri. Kuno ku Thyolo nako, ku Makwasa, Joseph Booth anayambitsa mishoni ya Plainfield yomwe mu 1902 inapita mmanja mwa a Seventh-day Adventist, mmishonale wakuda wa ku America Thomas Branch nkubwera kudzaiyendetsa, ndiyo Malamulo yomwe tikuidziwa leroyi, ndipo kumeneko anthu aphunzira zachipatala kwa zaka zambirimbiri ali pambali pa bedi la wodwala, akuona ndi maso, akugwira. Ngakhale tiyi amene watizungulirayu mbewu yake inachokera mmunda wa mishoni ya ku Blantyre, Henry Brown nkudzaibzala ku Mulanje chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890.

Nde zinasokonekera pati? Apa mpofunika kunena zoona ngakhale zikuwawa. Malo ambiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje anali atatengedwa ndi azungu a maesiteti, ndipo makolo athu, ambiri mwa iwo Alhomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, ankakhala pamalopo pa thangata, kugwira ntchito kwa mwini esiteti ngati lendi ya pomwe wamanga nyumba. Munthu wokula akuona bambo ake akudzuka mbandakucha ndi khasu kukagwira ntchito ya mzungu, mayi ake dengu kumsana, ukamuuza kuti mwana wako kusukulu tikamuphunzitsa zamanja ndi ulimi, iye ankamva kuti mukumukonzera thangata wina. Ndipo sankalakwitsa kwenikweni, chifukwa eni maesiteti ambiri ankafunadi munthu wakuda wodziwa kupala thabwa ndi kuwerenga madengu, osapitirira apo. Gulu la Phelps-Stokes la ku America, lomwe linkafufuza za maphunziro a anthu akuda mu Africa, litayendera dziko lino mu 1924 linalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi, boma la atsamunda nkukhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, kenako sukulu ya Jeanes ku Domasi yophunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za mmidzi. Maganizowo pa pepala anali abwino ndithu, koma anthu ankaona okha kuti amene akuvala malaya oyera, kukhala pamthunzi ndi kulandira malipiro ooneka ndi kalaliki, ndipo kalaliki chomwe ankafunika ndi chizungu, samu ndi kulemba bwino. Kuyambira pamenepo mmitima mwa anthu munalowa zoti sukulu yeniyeni ndi ya kope ndi cholembera, zamanja nza amene sukulu yawakanika. Thangata anatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma maganizo awa sanathe nawo, alipo mpaka lero, mwana akanena kuti akufuna kukaphunzira zowotcherera kapena zamagetsi pakhomo pamakhala ngati pagwa zovuta.

Sekondale nazo zinabwera mochedwa zedi, Blantyre Secondary School mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, dziko lonse sukulu zowerengeka pa zala, mayeso ake ochokera ku England. Malo akachepa chonchi mayeso amasanduka chipata chopapatiza, ndipo mphunzitsi aliyense amene amafunira ana ake zabwino amayamba kuphunzitsa zoti akhoze, kuwapatsa manotsi, kuloweza, kubwereza mafunso a zaka zammbuyo. Nthawi ya Kamuzu anayesako, ulimi unalowa pa silabasi, sukulu zinali ndi minda, masekondale ena anali ndi Woodwork, Metalwork ndi Technical Drawing, Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965. Komabe sukulu yomwe Kamuzu mwini ankainyadira, Kamuzu Academy ya ku Mtunthama yomwe inatsegulidwa mu 1981, inatchuka ndi Chilatini ndi Chigiriki. Ndipo pali china chomwe tonse amene tinaphunzira mmidzimu tikuchikumbuka, khasu ndi chikwanje pasukulu zinali za chilango, wachedwa kakumbe dzenje, walongolola mkalasi katchetche udzu, nde mwana angakonde bwanji ntchito yomwe amapatsidwa akalakwa?

Chomwe chinamalizitsa zonse ndi kuchuluka kwa ana kopanda kukonzekera. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chinthu chomwe ine sindingachinyoze chifukwa ana ambiri a mmalaini a maesiteti analowera pamenepo, chiwerengero chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, boma nkulemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anangophunzitsidwa masabata ochepa chabe nkuwapatsa choko. Ana pansi pa mtengo, buku limodzi anthu khumi, mphunzitsi achite chani kupatula kulemba pabolodi ana nkumakopera? Anawo atafika pofuna sekondale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa ma DEC, malo aja a maphunziro a patali omwe ankayendetsedwa ndi Malawi College of Distance Education (MCDE), kukhala ma CDSS. Dzina linasintha koma nyumba zinali zomwezo, labu kulibe, madzi ndi magetsi kulibe, aphunzitsi ambiri anali a ku pulayimale amene anangokwezedwa, ena akuphunzitsa Physical Science pomwe iwowo pa sukulu yawo sanayatsepo Bunsen burner, kambaula ka gasi ka mu labu. Pa CDSS yomwe ndinaphunzira ine tinkajambula zipangizo za titration, ntchito yodontheza asidi kapena alkali mwa mnzake mpaka mtundu usinthe, mokongola ndi rula, kulemba kuti madziwo asintha mtundu kukhala pinki, koma pinki wakeyo sitinamuone, ndipo aphunzitsi athu anali munthu wolimbikira kwabasi, analibe poti agwire. Kuwonjezera apo mwana kuyambira sitandade 5 zonse akuzimva mchizungu, nde akulimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chilankhulo ndi sayansi yakeyo, chosavuta nkungoloweza chiganizo chonse osadziwa chikunena chani.

Ena amati zilibe kanthu, wanzeru ndi wanzeru basi, umuphunzitse mwanjira iliyonse akhoza. Koma izi anthu anazifufuza. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake a ku America anasonkhanitsa kafukufuku 225 wa makalasi a sayansi, samu ndi uinjiniya a mmayunivesite, nkupeza kuti komwe mphunzitsi ankangoyankhula yekha ophunzira pafupifupi 34 mwa 100 aliwonse ankalephera, pomwe komwe ophunzira ankachita nawo, kuwerengera okha, kukambirana, kuyesa, olephera anali pafupifupi 22 mwa 100. Amenewo ndi mayunivesite a kunja okhala ndi chilichonse, ophunzira ake osankhidwa kale, nanga kuli bwanji mwana wa kwa Bvumbwe kapena ku Muloza amene zinthuzo sanazionepo nkomwe.

Boma lathu nalo linazindikira. Mu 2004 linayamba pulogalamu ya SMASSE, yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka samu ndi sayansi ku sekondale, mothandizidwa ndi a JICA a ku Japan, njira yomwe inayambira ku Kenya, poyamba anaiyesera mchigawo cha maphunziro cha South East pogwiritsa ntchito koleji ya Domasi, kenako inafalikira dziko lonse, aphunzitsi a samu ndi sayansi nkumapita ku maphunziro nthawi ya holide. Mfundo yake inali yoti phunziro likhale ndi chochita, mwana akhale pakati, payesedwe kanthu, ndipo chipangizo chikasowa mphunzitsi apange chake. Nzofanana ndi TALULAR yomwe aphunzitsi a pulayimale amaidziwa, kuphunzitsira zinthu zopezeka pompo. Ndipo izi zimatheka abale, si nkhambakamwa. Madzi ofiira a chidede ukathiramo mandimu mtundu umakhala wina, ukathiramo chidulo chomwe amayi amaphikira therere umasinthiratu, apo mwana waona ndi maso ake kusiyana kwa asidi ndi alkali ndi zinthu za kukhitchini kwa amake. Mwala womanga ku chingwe ndi wotchi ya pafoni wapanga pendulum. Njinga ya kabaza ili ndi phunziro lonse la magiya ndi friction. Mwana amene wachita zimenezi funso likabwera molitembenuza pa mayeso amatha kuliganizira, pomwe woloweza uja liwu limodzi likangosintha wasokonekera.

Koma ndisakunamizeni kuti kungoika ana mmagulu ndiye kuti zatheka. Silabasi ya pulayimale itasintha mu 2007 nkuyamba kulimbikitsa zoti mwana akhale patsogolo, mmakalasi ambiri zinangosanduka khalani mmagulu mukambirane, kalasi ya ana 100, gulu la anthu 12, mmodzi wochenjera akulemba ena onse akucheza, belu nkulira. Kumeneko nkumusiya mwana yekha mtchire. Mwana amene sadziwa kanthu pa mutuwo amafunika mphunzitsi afotokoze kaye momveka bwino, awonetse chitsanzo sitepe ndi sitepe, kenako amupatse achite yekha, mphunzitsi nkumazungulira kuona pomwe akulakwitsa nkumukonza pomwepo. Kulemba pabolodi pakokha si tchimo, tchimo ndi pomwe phunziro layambira pabolodi nkutheranso pabolodi zaka zinayi zonse. Ndipo mu 2015 silabasi ya sekondale itagawa Physical Science kukhala Physics ndi Chemistry ntchito inachuluka, sukulu yomwe inali ndi mphunzitsi mmodzi wa sayansi inatsala ndi mmodzi yemweyo, nde iye akawerengera masabata amasankha kumaliza silabasi, pulakitikolo tidzaona ku fomu 4.

Chimandipweteka kwambiri nchoti mwa maboma onse, ife ndi amene tazunguliridwa ndi sayansi yogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ku Mimosa kuli Tea Research Foundation komwe akatswiri amapanga mitundu yatsopano ya tiyi, kwa Bvumbwe kuli malo a kafukufuku wa zaulimi. Mfakitale ya tiyi iliyonse tsamba lobiriwira limafota, kudulidwa, nkusanduka lofiirira chifukwa cha ma enzyme ndi mpweya, zomwe mwana akuloweza mu Biology pomwe bambo ake amaziona pa shifiti tsiku lililonse. Mipope ya madzi yotsika mphiri la Mulanje popanda injini, yomwe anthu a mmidzi anakumba okha ngalande zake mzaka za m'ma 1970, ndiyo phunziro la pressure lathunthu. Ku Bondo mtsinje wa Lichenya ukupukusa makina a MEGA, kampani yaing'ono ya magetsi ya ku Mulanje, nkumayatsa magetsi mmidzi. Ndi sukulu zingati zomwe zinatengerako ana kukaona? Nthawi zambiri sipafunika ndi basi yomwe, ndi ulendo wapansi.

Pano Thyolo ili ndi zinthu ziwiri zomwe agogo athu sakanazilota. Ku Ndata kuli MUST, yunivesite ya sayansi yomwe Bingu wa Mutharika anaibweretsa pa malo a famu yake, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 2014 iye atamwalira kale. Koma kuti ulowe pamenepo pamafunika makirediti abwino a samu ndi sayansi, nde mwana wa pa CDSS yopanda labu akupikisana ndi wa ku national secondary school amene wakhala akusakaniza makemiko kuyambira fomu 1, mayeso ake amodzimodzi a MANEB. Kwinaku kuli Milonga, imodzi mwa makoleji a ntchito zamanja a mmadera omwe anayamba mu 2015, pansi pa ndondomeko ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo kumeneko sungakhoze ndi pakamwa, khoma ulimange aliyeze ngati laongoka, waya umulumikize babu liyake. Makolo ambiri amatumizabe mwana kumeneko pokhapokha kwina konse kukakanika, chikhalirecho mafakitale a tiyi omwewa amadalira ma fitter ndi amagetsi, ndipo makina akaima nthawi ya dzinja masamba ali mbwee pa sikelo, amene amamuthamangira usiku ndi uja anagwirapo sipanala.