Tsiku la m'kabuku ka sikelo silokatsazikira kuntchito

Amayi apantchito akamandifunsa kusikelo za nthawi yosiyira ntchito, amakhala atadziyankha kale. "Anamwino, ndikhoza kugwira mpaka tsiku, eti?" Tsiku akunenalo ndi lija tinawalembera m'kabuku ka chipatala paulendo woyamba. Ena amakhala atauza kale abwana kuti adzatsazika Lachisanu, Lolemba n'kudzachira. Kawerengedwe kameneka kandikwana, ndipo lero ndinena mosapsatira.

Tsiku lija timalipeza powerenga masabata 40 kuchokera tsiku loyamba la msambo womaliza. Ambiri mwa inu tsiku la msambolo simulikumbuka, mumangoti "cha m'ma February muja". Ngati sikani sinachitike mimba idakali yaing'ono, tikhoza kuphonya ndi masabata awiri kapena kuposa apo. Ngakhale titawerenga molondola, ochira pa tsiku lenilenilo ndi ochepa zedi, pafupifupi mmodzi pa amayi 20. Mwana wokhwima amabwera nthawi ina iliyonse kuyambira masabata 37 kukafika 42. Zili ngati kunena kuti mvula iyamba mu November: palibe amene amadikira mitambo ide kaye kuti akamwete udzu wofolera. Komanso kwathu kuno ana obadwa masiku asanakwane ndi ochuluka. Lipoti la mu 2012 la bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO ndi mabungwe anzake linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, pomwe ana pafupifupi 18 pa 100 alionse ankabadwa masabata 37 asanakwane. Inu mukuwerengera 40, mwana akubwera pa 35, muli pa till.

Ndisamveke ngati ndikuti aliyense woyembekezera ayale mphasa agone. Ayi. Mayi wathanzi, BP yake ili bwino, magazi ndi okwanira, mwana ndi mmodzi ndipo wagona bwino, ntchito yake ndi ya pa desiki, chipatala chili pafupi ndipo galimoto imapezeka ngakhale usiku, ameneyo akhoza kugwira mpaka masabata 37 kapena 38 popanda vuto. Kugona tsiku lonse popanda chifukwa sikuteteza mwana, kumangofooketsa thupi, ndipo magazi akhoza kuundana m'miyendo. Koma amayi otere ndi angati pa mzere wa kusikelo? Ambiri amene ndimawagwira pamimba ntchito zawo ndi zoimirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zosenza ndi zowerama. Wothyola tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje amakwera zitunda dengu lili kumsana. Wogulitsa tomato amadzuka nkhuku zisanalire kukapikula, n'kusenza yekha dengulo kuchokera pa siteji. Wantchito wa m'nyumba amachapa mabulangete atawerama, n'kukolopa atagwada. Ife anamwino tomwe timachezera usiku m'mawodi tikutembenuza odwala olemera kuposa ife. Kuima maola ambiri, kunyamula zolemera ndi kugwira usiku kumawonjezera mpata woti mwana abwere msanga. Kwa amayi amenewa funso loyamba silakuti asiye liti, koma asinthe liti kagwiridwe, ndipo yankho langa ndi lakuti mwezi wachisanu ndi chiwiri usadutse: apemphe mpando, achoke pa ntchito ya usiku, zosenza azisiyire ena. Za kupopera mankhwala m'munda kapena kukhala m'nyumba yosungira mankhwalawo, zimenezo ndi zosiya tsiku lomwe mwadziwa kuti muli ndi pakati.

Ndikudziwa chimene chimakukakamizani, ndipo si umbuli. Lamulo la zantchito la mu 2000 limapereka kwa mayi masabata osachepera 8 a tchuthi chokachira, malipiro onse akulandira, kamodzi pa zaka zitatu. Ogwira m'boma amapatsidwa masiku 90. Mgwirizano wa bungwe loona zantchito pa dziko lonse la ILO wa chaka chomwecho cha 2000 umanena masabata 14, ndipo anzathu ku Zambia anafika pa 14 pomwepo m'lamulo lawo la mu 2019. Masabata 8 ndi ochepa, ndipo aliyense woganiza amaona yekha: sabata iliyonse yopuma asanachire ndi sabata yolandidwa kwa mwana woyamwa, amene ife tomwe timati ayamwe bere lokha kwa miyezi 6. Ndiye mayi amadziuza kuti apirira. Amamanga chitenje, kumwa Panado, kukwera kabaza m'mabampu ulendo wa kuntchito.

Pali mayi wina amene nkhani yake sindiiwala. Anali wa zaka za m'ma 20, mimba yoyamba, ankagwira mu shopu ina m'tauni. Anabwera kusikelo pa masabata 34 atavala patapata za amuna ake chifukwa nsapato zake zinali zitakana. Mphete yaukwati anali ataimangirira pa ulusi m'khosi, chala chitatupa mpaka kusalowanso. Nkhope nayo inali yodzadza, maso ngati wangodzuka kumene. BP inali 150/100, ndipo mkodzo unaonetsa puloteni. Tinamuuza kuti agonekedwe tsiku lomwelo.

"Anamwino, mwezi ukutha, tikuwerenga katundu. Ndingokapereka makiyi, Lolemba ndibwera ndi chikwama changa."

Ndinamukhazika pansi. Ndinati, "Mayi, matenda awa sadikira Lolemba." Anamva ndithu, anali munthu wophunzira, ndipo anandibwerezera yekha zizindikiro zonse osaphonya. Tinamupatsa mankhwala otsitsa BP, anasayina kuti watuluka mwa kufuna kwake, n'kupita. Kunyumba azakhali ake anamulimbitsa mtima kuti mimba yoyamba imatupitsa choncho. Mutu utayamba kuwawa anamwa Panado, ndipo Loweruka anagwira tsiku lonse ali chiimire. Usiku wa Loweruka lomwelo anamubweretsa pa galimoto ya oyandikana nawo, akuphupha, atadziluma lilime, chitenje chili magazi okhaokha. Tinamubaya mankhwala oletsa kukomoka a magnesium sulphate, kukomoka kunaleka, koma nsengwa inali italekana kale ndi chiberekero. Ku fiyeta anatulutsa mwana wamwamuna atamwalira kale. Mayiyo anapulumuka ataikidwa magazi.

Atatsitsimuka anandiuza mawu amene amandipwetekabe: "Ndimafuna masabata onse eyiti akhale a mwana." Masabatawo anawapeza onse, osachotsapo ngakhale tsiku. Anakawathera kwa mayi ake, akumanga mawere ndi nsalu kuti mkaka uleke kutuluka. Chimene chimandidya mumtima n'chakuti abwana ake sanamukanize kanthu. Sanawapemphe n'komwe. Ankaopa kuti akadzabwerera adzapeza mtsikana wina atakhala pa mpando wake, ndipo sankadziwa kuti kupuma chifukwa cha matenda ndi nkhani ina pambali pa tchuthi chokachira.

Ndiye mvetserani apa. Lamulo lomwe lija limati pakakhala matenda obwera chifukwa cha mimba kapena uchembere, dokotala n'kulemba kalata, bwana ayenera kupereka masiku ena owonjezera. Limatinso amene wagwira miyezi 12 mosadukiza ali ndi masabata 4 a tchuthi cha matenda pa malipiro onse, ndi ena 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu, ndipo ndi bwanayo amene ayenera kuonetsa kuti chifukwa chinali china. Akakuvutani pali ofesi ya leba ya m'boma lanu, kupitirira apo pali khoti loona milandu ya zantchito. Masiku anu a tchuthi cha pachaka musamawamwaze pa zinkhoswe ndi maukwati chaka chimene muli ndi pakati. Asungeni, mudzawaike kutsogolo kwa tchuthi chokachira, masabata 8 aja adzatsale osakhudzidwa. Kalata ya kuchipatala pemphani, sitimana. Ndipo nkhani imeneyi mukambirane ndi abwana mimba idakali ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, molemba, osati pa khonde mukubuula kale. Kwa inu madona a m'mayadi, mtsikana wokugwirirani ntchito m'nyumbayo nayenso ndi wolembedwa ntchito. Thupi lake silosiyana ndi lanu.

Pali amayi amene sindikambirana nawo za 37 kapena 38. Wa mapasa, wa BP yokwera, wa shuga, amene anachirapo ndi mpeni, amene anaberekapo mwana masiku asanakwane, amene sikani yaonetsa kuti nsengwa yakhala m'munsi, wa magazi ochepa amene akupuma movutika akangokwera kamtunda: tsiku losiyira ntchito la amenewa likhazikitsidwa ndi amene akuwaona kusikelo, ndipo kawirikawiri limabwera msanga kuposa mmene akufunira. N'chifukwa chake WHO kuyambira mu 2016 imati mayi aonane ndi achipatala kosachepera ka 8, maulendo ambiri ali chakumapeto. Amene amadumpha maulendo omalizawa poti "kuntchito kwachuluka" akudumpha nthawi yeniyeni imene BP imatembenuka mosachenjeza.

Ndipo pali zinthu zimene zikachitika ntchito yatha ola lomwelo, kaya mimba ili pa masabata angati. Magazi kutuluka kumusi, ngakhale madontho. Nsupa kusweka, kapena madzi kumangochucha pang'onopang'ono osanunkha mkodzo. Mutu wosamva Panado, kuona zong'anima kapena chifunga m'maso, kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, nkhope ndi manja kutupa. Kutentha thupi. Mimba kumangika mobwerezabwereza masiku asanakwane. Mwana amene amakumenyani tsiku lililonse mukadya, lero wangoti zii. Musamalize kulemba lipoti, musadikire belu loweruka, musati muone kaye mawa. Anthu amabwera kwa ife patapita masiku awiri mwana atasiya kusewera, akuti amadikira Loweruka kuti asajombe, n'kumayembekeza kuti tichitapo chozizwitsa.

Zonse ndanenazi za malamulo, mayi wa kumudzi ndi wa geni sizimukhudza. Iye alibe bwana womupatsa tchuthi, akapanda kupita kumsika ana agona ndi njala, ndipo udzu m'munda sudikira. Pamwamba pa izi pali apongozi amene amati mkazi akamakhala pansi mwana adzavuta kutuluka, asinje, atunge madzi, njira ifewe. Kuyenda ndi kugwira tintchito topepuka n'kwabwino, sindikutsutsa. Koma mtondo sufewetsa khomo la chiberekero, ndipo ndowa ya malita 20 pamutu pa mayi wa miyezi isanu ndi inayi m'njira yoterera ya ku chitsime yagwetsa ambiri. Kwa mayi ameneyu chachikulu ndi mtunda. Ngati kuchoka kwanu kukafika kuchipatala pali mtsinje wopanda mlatho, kapena ndi ulendo wa njinga wa maola awiri, mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba pitani kuchidikiro. Nthawi ya dzinja musachedwe n'komwe. Anzathu a ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje akukumbuka mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu mu March 2023, midzi ina n'kukhala masiku osafikirika. Kuchidikiro n'kotopetsa, ufa umatha, woyang'anira naye wasiya banja lake, ndikudziwa. Abambo, apa ndi pamene pali ntchito yanu: ufa, nkhuni, ndalama ya thiransipoti, beseni ndi zitenje zikhale zokonzeka pa masabata 36, ndipo kupalira kwatsalako mumalize nokha. Inu abambo apantchito, kuyambira mu 2021 lamulo linakupatsaninso masabata awiri mwana akabadwa. Si opita nawo ku bawo.

Chimene chikundiopsa masiku ano ndi amayi amene, atatenga tchuthi n'kuona kuti masiku akutha mwana osabwera, amafuna kumufulumizitsa. Wina wapuma pa 38, wafika 40 palibe kanthu, masabata awiri apita, mtima uli m'mwamba. Pamenepo sipasowa mnzake womunong'oneza za agogo ena amene ali ndi mankhwala azitsamba a mwanamphepo, kapena wogulitsa mapiritsi mobisa kumsika amene amati kamodzi kokha matenda a uchembere ayamba usiku womwewo. Mwanamphepo amamangitsa chiberekero mwamphamvu, mosalekeza, khomo lisanatseguke. Mwana amasowa mpweya chifukwa magazi sakufika bwino ku nsengwa, ndipo chiberekero chikhoza kung'ambika, makamaka pa mayi amene ali ndi chipsera cha opareshoni kapena amene wabereka kambirimbiri. Chikang'ambika, mwana kawirikawiri amapita, ndipo mayi akapulumuka nthawi zina amatuluka m'fiyeta chiberekero atachichotsa. Ifenso kuchipatala tili nawo mankhwala oyambitsa matenda, koma timapereka pa mlingo woyezedwa, titaona kaye mmene mwana wagonera, tikumvetsera mtima wake pafupipafupi, fiyeta ili pafupi. Wa m'botolo la Sobo uja mlingo wake akuudziwa ndani? N'chimodzimodzi aneneri amene amauza mayi wotupa nkhope kuti ndi zamizimu, agone kukachisi masiku atatu. Pempherani, ifenso timapemphera, koma BP iyezedwe.

Mimba ikafika masabata 41 popanda chizindikiro, bwerani tidzakuoneni, tikambirane zoyambitsa matenda m'njira yoyenera. Ndipo ngati mwamwa kale kanthu, kaya ka agogo kaya ka kumsika, tiuzeni mukangolowa m'chipinda chochirira: mwamwa chiyani, nthawi yanji, kochuluka bwanji. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, ife n'kumadabwa chifukwa chake mimba yauma gwa khomo lili pa masentimita awiri okha. Mwina tikalipa pang'ono, koma tikadziwa timaitana dokotala msanga ndi kukonzeratu magazi.